Mmene Mungatchere Kamera Pojambula Usiku ndi Pamalo a Kuwala Kochepa

Munthu amene wangogula kumene kamera amakhumudwa tsiku loyamba limene wayesa kujambula usiku. Masana kamerayo imatulutsa zithunzi zokongola ngakhale mwini wake asanaphunzire kalikonse, koma dzuwa likangolowa, chithunzi chimatuluka chakuda bii, kapena chachimbuuzi ngati kuti wojambulayo amathamanga, kapenanso chodzaza ndi timadontho tonga mchenga. Ambiri amafulumira kuimba mlandu kamerayo n'kuyamba kulakalaka ina yapamwamba, pamene vuto lenileni n'lakuti aisiya kuti izidzisankhira yokha zochita pa nthawi imene imafunika kuuzidwa zimene wojambula akufuna.

Musanakhudze batani lililonse, yambani mwadzifunsa kuti chimene chikuyenda n'chiyani. Kodi ndi kamera imene ili m'manja mwanuyo, ndi chinthu chimene mukujambulacho, kapena palibe chimene chikusuntha? Yankho lake ndi limene limakuuzani kutalika kwa nthawi imene kamera ingakhale yotsegula, ndipo nthawiyo ikadziwika, zotsalazo sizivutanso kusankha.

Zinthu zitatu zoyenera kuzidziwa

Mkati mwa kamera muli kachipangizo kotchedwa sensor, kamene kamalandira kuwala n'kukusandutsa chithunzi. Kuchuluka kwa kuwala kofika pa sensor kumadalira kukula kwa bowo limene kukulowera ndiponso kutalika kwa nthawi imene kukulowa. Chinthu chachitatu, chimene ndi ISO, sichilowetsa kuwala kulikonse, koma chimauza kamera kuti iwalitse motani chithunzi chopangidwa ndi kuwala kumene kwalowako.

Bowo lija lili mkati mwa lens ndipo ojambula amalitcha aperture. Kukula kwake kumalembedwa ndi manambala monga f/1.4, f/2, f/2.8, f/4, f/5.6, f/8, f/11 ndi f/16, ndipo chimene chimasokoneza anthu ongoyamba kumene n'chakuti nambala yaing'ono imatanthauza bowo lalikulu. Chifukwa chake n'chakuti nambalayo ndi yogawira: pa lens ya 50mm, f/2 ndi bowo la mamilimita 25 m'mimba mwake, pamene f/8 ndi bowo la mamilimita pafupifupi 6 okha. Mukachoka pa nambala imodzi mwa zimenezi n'kupita pa yotsatira, kuwala kumachepa ndi theka. Usiku mudzafuna bowo lalikulu nthawi zambiri, koma nalonso lili ndi vuto lake, chifukwa bowo likakula, malo ooneka bwino kuchokera kutsogolo kukafika kumbuyo amachepa, moti pa f/1.8 maso a munthu amene mwamuyandikira akhoza kuoneka bwino pamene makutu ake ayamba kale chimbuuzi, ndipo pa gulu la anthu oima m'mizere iwiri, a mzere wakumbuyo saoneka bwino.

Patsogolo pa sensor pali kachitseko kotchedwa shutter, kamene kamatseguka mukadina batani n'kutsekekanso. Nthawi imene kamakhala kotsegula imalembedwa kuti 1/500, 1/250, 1/125, 1/60, 1/30, 1/15, mpaka kufika pa sekondi yathunthu ndi kupitirira apo, ndipo makamera ambiri amalekezera pa masekondi 30. Nambala ya 1/60 ikutanthauza gawo limodzi mwa magawo 60 a sekondi. Makamera ena amangolemba 60 m'malo mwa 1/60, ndipo masekondi athunthu amawasonyeza ndi kachizindikiro, mwachitsanzo 2", choncho samalani kuti musasokoneze 15 ndi 15". Chilichonse chimene chasuntha shutter ili yotsegula chimatuluka chachimbuuzi pachithunzi.

Pa ISO ndi pamene anthu ambiri anaphunzitsidwa molakwika. Manambala ake amawirikiza kawirikawiri, kuyambira pa 100, 200, 400, 800, 1600, 3200, 6400 mpaka m'tsogolo, ndipo oyamba kumene amauzidwa kuti aziopa manambala okwera poti ndi amene amabweretsa timadontho tija, timene ojambula amatitcha noise. Zoona zake n'zakuti timadonthoti timabwera makamaka chifukwa chakuti kuwala kofika pa sensor n'kochepa. Kuwala kumagwera pa sensor monga mvula imagwera pabwalo: ikakhala yambiri bwalo lonse limanyowa mofanana, koma ikakhala yowaza, pena pamanyowa ndipo pena pamakhala pouma, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene timakuona ngati mchenga pachithunzi. ISO yokwera imangoonetsa poyera vuto limene lilipo kale. N'chifukwa chake chithunzi chimene chajambulidwa pa ISO 400 n'kutuluka chakuda, kenako n'kuwalitsidwa pa kompyuta, sichikhala ndi timadontho tochepa kuposa chimene chajambulidwa pa ISO 3200 ndi shutter ndi aperture zomwezo, ndipo pa makamera ambiri chimaipa kuposa pamenepo. Komanso timadonthoti tili ndi mankhwala, chifukwa mapulogalamu monga Adobe Lightroom, DxO PureRAW ndi darktable, imene ndi yaulere, amatha kutichepetsa kwambiri, pamene nkhope imene yatuluka yachimbuuzi chifukwa cha kugwedezeka palibe pulogalamu imene ingaibwezere mwakale. Ngati mukuyenera kusankha pakati pa ziwirizi, sankhani timadontho.

Zinthu zitatuzi zimasinthanitsika, ndipo muyezo wake ndi umene ojambula amautcha stop, kutanthauza kuwirikiza kawiri kapena kuchepetsa ndi theka. Tiyerekeze kuti kamera yasankha f/4, 1/15 ndi ISO 800, ndipo kuwala kwa chithunzicho kuli bwino koma chatuluka chogwedezeka. Kuchoka pa 1/15 kufika pa 1/60 ndi ma stop awiri amene mwataya, choncho muyenera kuwabweza kwina: mukhoza kukweza ISO kufika pa 3200, kapena kutsegula bowo kufika pa f/2.8 n'kuika ISO pa 1600. Masamu onse a kujambula usiku ndi amenewa basi.

Kamera ikakhala m'manja

Manja a munthu sakhala bata ngakhale iye akuona ngati sakugwedezeka, ndipo lens ikakhala yokoka zinthu zakutali, kugwedezekako kumakulanso. Lamulo lakale limene limathandizabe ndi lakuti shutter isachedwe kuposa nambala ya kutalika kwa lens, imene ndi nambala ya mamilimita yolembedwa pa lensyo: pa lens ya 50mm musatsike pansi pa 1/50, pa ya 200mm musatsike pansi pa 1/200. Lamuloli linapangidwira makamera a filimu ya 35mm, amene sensor yofanana nawo masiku ano imatchedwa full frame. Makamera ambiri a anthu oyamba kumene ali ndi sensor yocheperapo yotchedwa APS-C, ndipo pa amenewa muyenera kuyamba mwachulukitsa kutalika kwa lens ndi 1.5 ngati ndi Nikon, Sony kapena Fujifilm, ndi 1.6 ngati ndi Canon, pamene pa makamera a Micro Four Thirds mumachulukitsa ndi 2. Motero lens ya 50mm pa kamera ya APS-C imafuna 1/80 kapena kufulumira kuposa apo.

Ma lens ndi makamera ambiri ali ndi njira yochepetsera kugwedezeka kwa manja, imene Canon amailemba kuti IS, Nikon amati VR, ndipo Sony amati OSS kapena SteadyShot. Ikakhala yoyatsa mukhoza kujambula nyumba kapena msewu pa 1/15 ngakhale 1/8 n'kutuluka bwino. Koma njira imeneyi imangothandiza pa manja anu okha, ilibe mphamvu pa munthu amene mukumujambulayo. Munthu amene wakhala pansi n'kumalankhula amafuna 1/125, woyenda amafuna 1/250, ndipo ovina, oimba pasiteji kapena osewera mpira amafuna 1/500 kapena kuposa apo. Apa ndi pamene ISO imakwera kufika pa 3200 kapena 6400, ndipo muyenera kuilola kuti ikwere.

Njira yotchera imene ndimalimbikitsa kwa woyamba kumene ndi iyi. Tembenuzani kagudumu ka pamwamba pa kamera kufika pa M, pamene inu mumasankha nokha bowo ndi shutter, tsegulani bowo mpaka pamene lens yanu ikulekezera, ikani shutter pa nambala yogwirizana ndi chimene chikuyendacho, kenako ikani ISO pa Auto. Mukatero mwagwira nokha zinthu ziwiri zimene zimaononga chithunzi zikalakwika, ndipo mwasiyira kamera chinthu chimodzi chimene kulakwika kwake kumakonzeka. Mu menu muli malo oikira malire a ISO, ndipo malire amenewo musawatenge kwa munthu wina. Madzulo ena khalani m'chipinda chowala pang'ono, jambulani chinthu chimodzi pa ISO 800, 1600, 3200, 6400 ndi 12800 mukufulumizitsa shutter nthawi iliyonse imene mwakweza ISO, kenako muone zithunzizo pa kompyuta pa kukula kumene mumaonetsera anzanu. Pamene mwayamba kunyansidwa napo ndi pamene pali malire a kamera yanu. Ena amakonda A, imene Canon amailemba kuti Av, pamene inu mumasankha bowo ndipo kamera imasankha shutter, ndipo nayonso ndi yabwino malinga ngati mwauza kamera shutter yochedwetsetsa imene ingagwiritse ntchito, apo ayi idzatsika yokha mpaka pa 1/8 inu osadziwa.

Lens imene imabwera ndi makamera ambiri ndi ya 18-55mm f/3.5-5.6, ndipo manambala awiri omalizirawo akunena kuti bowo lake limachepa mukamakoka chinthu kuti chiyandikire. Pa 18mm imafika pa f/3.5, koma pa 55mm imalekezera pa f/5.6, kumene ndi kutaya kuwala kopitirira theka. Choncho usiku ndi bwino kusiya lens pa 18mm n'kuyandikira ndi miyendo. Ngati mudzafune kugula chinthu chimodzi chothandiza usiku, yambani ndi lens ya 35mm kapena 50mm ya f/1.8 musanaganize za kamera ina, pakuti kuchoka pa f/5.6 kufika pa f/1.8 ndi kulowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi, ndipo chithunzi chimene chikanafuna ISO 6400 chimatheka pa ISO 640.

Kagwiridwe nakonso kali ndi mbali yake. Dzanja lamanzere lichirikize lens chapansi, zigongono zitsamire pachifuwa, ndipo ngati pali khoma kapena mzati, utsamireni. Dinani batani pang'onopang'ono mutatulutsa mpweya, ndipo jambulani zithunzi zitatu kapena zinayi motsatizana, chifukwa kawirikawiri chachiwiri kapena chachitatu chimatuluka bwino kuposa choyamba, chimene chimagwedezeka ndi kudina kwa chala.

Palinso khalidwe lina la kamera loyenera kulidziwa. Kachipangizo koyezera kuwala kamayesetsa kuti chithunzi chilichonse chikhale chowala pakatikati, ndiye kakaona mdima wambiri kamaganiza kuti kuwala kwachepa, n'kuwalitsa chithunzi mpaka usiku kuoneka ngati m'mawa, zikwangwani zowala n'kuyereratu mbuu osawerengekanso. Batani lokhala ndi chizindikiro cha +/- ndi limene limakonza zimenezi. Liikeni pa -1, nthawi zina mpaka pa -2 ngati mukujambula munthu wowalitsidwa ndi getsi limodzi pasiteji yamdima, ndipo mudzaona kuti mdima wabwerera m'malo mwake, komanso ISO yatsika yokha.

Magetsi ambiri amaphethira mofulumira kwambiri moti maso sazindikira, koma kamera imazindikira. M'mayiko amene magetsi ake ndi a 50Hz amaphethira ka 100 pa sekondi, ndipo kumene ndi a 60Hz amaphethira ka 120. Mukaona zithunzi zotsatizana zikusiyana kuwala kapena mtundu, kapena zili ndi mizere yopingasa, yesani 1/100 kapena 1/50 kumene kuli 50Hz, ndi 1/125 kapena 1/60 kumene kuli 60Hz, yatsani anti-flicker ngati kamera yanu ili nayo, ndipo zimitsani shutter yopanda phokoso, yotchedwa silent kapena electronic shutter, imene imachititsa mizereyi kwambiri pansi pa magetsi a LED.

Za flash ya pamwamba pa kamera sindinena zambiri. Kuwala kwake kumatha msanga, chifukwa mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo n'chifukwa chake munthu wapafupi amayera mbee pamene kumbuyo kwake kuli bii. Kuiyatsa pojambula bwalo la masewera kapena nyumba yakutali n'kungotha batire. Ngati mwaigwiritsa ntchito pa munthu amene ali pa mtunda wa mamita awiri kapena atatu, kwezani ISO kufika pa 800 kapena 1600 ndipo ikani shutter pa 1/30, kuti magetsi a kumbuyo kwake aonekenso. Koma nthawi zambiri chimene chimathandiza kuposa flash ndi kungomupempha munthuyo kuti atembenukire kumene kukuchokera kuwala, kaya ndi pawindo la sitolo, pa getsi la pakhonde kapena pa kandulo.

Kamera ikakhala pa tripod

Kamera ikakhazikika pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, ndipo chinthu chimene mukujambula sichikuyenda, zonse zimene tanena pamwambapa zimatembenuka. Nthawi tsopano ndi yanu, choncho ikani ISO pa 100, bowo pa f/8, pamene ma lens ambiri amajambula bwino kwambiri, ndipo shutter muisiye italike mmene ingafunire, kaya masekondi 4, 10 kapena 30. Kuwala kumaunjikana pa sensor pang'onopang'ono mpaka kukwana, ndipo chithunzi chimatuluka choyera ngati chamasana. Wopanda tripod asadandaule, chifukwa khoma lalifupi, tebulo kapena chikwama choyalidwa pansi zimagwira ntchito yomweyo, kungoti zimakukakamizani kujambulira pamene zilipo.

Mdani wotsala ndi chala chanu. Ikani timer ya masekondi 2 kuti kamera ijambule mutachotsapo dzanja, kapena gwiritsani ntchito rimoti kapena pulogalamu ya pa foni. Zimitsani IS, VR kapena OSS, chifukwa pa ma lens ena, makamaka akale, njirayi imafunafuna kugwedezeka kumene kulibe n'kubweretsa chimbuuzi yokha. Pa kamera ya DSLR, kagalasi ka mkati kamene kamatukuka pojambula kamagwedeza kamera pang'ono, ndipo mungapewe zimenezi pojambula mukuyang'ana pa sikirini ya kumbuyo kapena poyatsa mirror lock-up, imene imatukuliratu kagalasiko musanajambule. Kukakhala mphepo, musatalikitse mzati wapakati wa tripod, ndipo lamba wa kamera mumumange kuti asamakupize.

Mizere yofiira ndi yoyera ya magetsi a magalimoto, imene anthu ambiri amaisirira m'zithunzi za m'mizinda, imajambulidwa motere: ISO 100, f/8 kapena f/11, ndi masekondi 10 mpaka 20, mutaima pamalo otetezeka monga pa mlatho wa anthu oyenda pansi. Magalimotowo saoneka chifukwa sakhalitsa pamalo amodzi, koma magetsi awo amalemba njira yonse imene adutsa. Mukachepetsa bowo kufika pa f/11 kapena f/16, magetsi a m'misewu amatulutsa cheza chonga cha nyenyezi, ndipo chiwerengero cha nsonga zake chimadalira timasamba tachitsulo timene timapanga bowo la lens: timasamba 8 timatulutsa nsonga 8, koma timasamba 7 timatulutsa 14 ndipo 9 timatulutsa 18.

Zithunzi zokongola za mizinda zimene timazitcha zausiku, zambiri sizijambulidwa pakati pa usiku. Zimajambulidwa kuli kachisisira, dzuwa litangolowa kumene, pamene magetsi ayaka koma thambo likadali lobiriwira, moti nyumba zimaoneka mmene zinamangidwira m'malo momira mumdima. Nthawi imeneyi ndi yaifupi, makamaka m'madera a kufupi ndi equator, choncho fikani dzuwa lisanalowe, imikani tripod, ndipo muzijambula mphindi ziwiri zilizonse mukutalikitsa shutter pamene kukuda.

Mukafuna kupitirira masekondi 30, pali B kapena Bulb, pamene shutter imakhala yotsegula nthawi yonse imene batani ladinidwa, ndipo apa rimoti ndi yofunika. Musadabwe kamera ikaoneka ngati yafa mutangojambula chithunzi chachitali. Imeneyo ndi long exposure noise reduction: kamera imajambula chithunzi china cha nthawi yofanana shutter ili yotseka, kuti ipeze timadontho tobwera chifukwa cha kutentha kwa sensor n'kutichotsa. Chithunzi cha masekondi 30 chimakudikiritsani masekondi ena 30. Izimitseni ngati mukujambula zinthu zosadikira munthu monga mphezi kapena makombola a pachikondwerero.

Focus mumdima

Kamera imapeza focus, kutanthauza malo amene ayenera kuoneka bwino kwambiri pachithunzi, poyang'ana malire a pakati pa chowala ndi chakuda, ndiye mumdima lens imangoyendayenda osapeza poima, mwinanso kukana kujambula kumene. Sankhani kadontho kamodzi ka focus, kapakati, n'kukalozetsa pamalire ooneka bwino monga m'mphepete mwa chikwangwani chowala kapena pa diso limene lili mbali ya kuwala. Ngati chinthucho chili pafupi, chiunikeni ndi tochi, kamera ipeze focus, kenako sinthani lens kupita pa MF, pamene focus imasinthidwa ndi dzanja basi, kuti isasunthenso, n'kuzimitsa tochiyo.

Pa zinthu zakutali chitani ndi dzanja. Ikani pa MF, yatsani sikirini ya kumbuyo, lozetsani kamera pa nyenyezi yowala kwambiri kapena pa getsi lakutali, kulitsani chithunzi cha pa sikirini kasanu kapena kakhumi, ndipo tembenuzani mkombero wa focus pang'onopang'ono mpaka kadonthoko katachepetsetsa. Musadalire kutembenuza mkomberowo mpaka kumapeto, chifukwa ma lens ambiri a masiku ano amapitirira malo oyenera. Mukapeza focus musakhudzenso zoom, ndipo mukajambula chithunzi choyamba chikulitseni kuti mutsimikize, pakuti pa kasikirini kakang'ono chilichonse chimaoneka chabwino.

Nyenyezi ndi mwezi

Nyenyezi zimaoneka ngati zaima, koma dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo shutter ikatalika kwambiri, nyenyezi zimasanduka timizere. Apa ndiye kuti muli pa tripod koma chinthu chikuyenda, choncho ISO iyenera kukweranso. Njira yodziwika yopezera malire ndi kugawa 500 ndi kutalika kwa lens: lens ya 20mm pa full frame imalola masekondi 25, ndipo ya 18mm pa APS-C, imene ikufanana ndi 27mm, imalola masekondi pafupifupi 18. Makamera atsopano amaonetsa tinthu ting'onoting'ono kwambiri moti timizere timaonekabe pa nthawi imeneyi mukakulitsa chithunzi, n'chifukwa chake ena amagawa 300 m'malo mwa 500. Poyambira pabwino ndi bowo lotsegula mpaka kumapeto, ISO 3200 ndi masekondi 15, kenako n'kusintha malinga ndi zimene zatuluka. Kuti mlalang'amba wa Milky Way uoneke pamafunika usiku wopanda mwezi, malo akutali ndi magetsi a m'tauni, komanso kudikira kupitirira ola limodzi dzuwa litalowa kuti kude kwenikweni.

Mwezi ndi wosiyana kotheratu, ndipo umapusitsa pafupifupi aliyense poyamba. Popeza ndi usiku, munthu amaganiza kuti pakufunika masekondi ambiri, ndipo chimatuluka ndi chibulunga choyera chopanda maonekedwe. Mwezi ndi thanthwe limene likuwombedwa ndi dzuwa, choncho umajambulidwa ngati chinthu chamasana. Ukakhala wathunthu yambani ndi f/11, 1/100 ndi ISO 100, ndipo ukatuluka wakuda tsegulani bowo kufika pa f/8. Pamafunikanso lens yaitali, chifukwa pa 55mm mwezi umangotenga theka la milimita pa sensor ya APS-C imene m'litali mwake ndi mamilimita oposa 22, ndipo ngakhale pa 200mm sufika mamilimita awiri.

RAW, mitundu ndi sikirini yonyenga

Usiku jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene sensor yalandira, kapena RAW pamodzi ndi JPEG ngati simunazolowere kukonza zithunzi. Fayilo ya JPEG imasunga milingo 256 yokha ya kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW ya ma bit 14 imasunga milingo 16,384, ndipo kusiyana kumeneku kumaoneka mukafuna kuwalitsa malo amdima kapena kubweza malo amene awala mopitirira. Mafayilo amenewa ndi aakulu ndipo amadzaza khadi msanga, komanso amafuna pulogalamu yowatsegulira, imene opanga makamera ambiri amapereka kwaulere.

RAW imakupatsaninso ufulu wosintha mitundu pambuyo pake popanda kuononga chithunzi. Kuwala kulikonse kuli ndi mtundu wake, umene umayezedwa mu Kelvin: kandulo ili pafupifupi pa 1900K, mababu akale a kawaya ali pakati pa 2700K ndi 3200K, ndipo dzuwa la masana lili cha pa 5500K. White balance, imene imakonza mitundu kuti choyera chioneke choyera, ikakhala pa Auto imavutika pamene magetsi a mitundu yosiyana asakanikirana, ndiye ngati msewu wonse watuluka wachikasu, yesani chizindikiro cha babu kapena ikani nokha 3200K, ndipo pa thambo la nyenyezi yambani ndi 4000K. Musachotseretu kufiirira konse, chifukwa chithunzi cha anthu ozungulira kandulo chikayeretsedwa mpaka kufanana ndi cha mu ofesi, chimataya chimene munachijambulira.

Sikirini ya kamera imanyenga usiku. Maso anu akazolowera mdima, chithunzi chakuda chimaoneka chowala bwino, ndipo mumadzazindikira mawa lake pa kompyuta kuti zonse zinada. Chepetsani kuwala kwa sikirini ndipo phunzirani kuyang'ana histogram, kachithunzi konga phiri kamene mbali yake yakumanzere ikuimira mdima ndipo yakumanja ikuimira kuwala. Usiku phirilo limatsamira kumanzere, ndipo palibe cholakwika pamenepo, koma likapanikizika lonse kukhoma lakumanzere ndiye kuti kuwala kwachepa, ndipo likakwera khoma lakumanja ndiye kuti malo owala apserera moti sangabwezedwe. Mababu enieniwo akhoza kupserera, koma nkhope ya munthu kapena zolembedwa pa chikwangwani zisatero.

Amene akujambula ndi foni adziwe kuti night mode, imene Google anaitulutsa pa mafoni a Pixel mu 2018 ndi dzina lakuti Night Sight ndipo Apple anaiika pa iPhone 11 mu 2019, imajambula zithunzi zambiri motsatizana n'kuziphatikiza kukhala chimodzi. N'chifukwa chake imafuna kuti musasunthe kwa masekondi angapo, ndipo imachita bwino kwambiri foni ikatsamira pa chinthu. Mafoni ambiri a Android alinso ndi Pro mode, mmene mungasinthe ISO, shutter ndi focus potsatira zomwe tafotokozazi, kungoti bowo la lens ya foni nthawi zambiri silisinthika.

Musanatuluke, phunzirani malo a mabatani a ISO, timer, kukulitsa chithunzi ndi MF mpaka zala zizipeza zokha, chifukwa maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima ndipo tochi yoyera imafafaniza zonsezo kamodzi n'kamodzi, pamene tochi yofiira siisokoneza maso kwambiri. Tengani batire lachiwiri n'kulisunga m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, popeza kuzizira ndi kuyatsa sikirini nthawi yaitali zimatha batire msanga. Chenjerani ndi mame, amene amatera pa galasi la lens mwakachetechete moti mukhoza kujambula kwa theka la ola osadziwa chimene zithunzi zikuchitira nkhungu. Vekani lens hood, chotchingira cha kutsogolo kwa lens, ngakhale kulibe dzuwa, unikani galasilo mphindi zingapo zilizonse, ndipo mukamalowa m'nyumba yofunda kuchokera kozizira, siyani kamera m'chikwama chotseka kwa ola limodzi kuti ifunde pang'onopang'ono, chinyezi chisalowe mkati mwa lens.